Ngongole ya pa khadi la banki ndi chisamani ku South Africa

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri akugwira ntchito, ngongole ya pa khadi la banki imayendera lamulo la National Credit Act la 2005. Munthu akalephera kubweza, banki siloledwa kungothamangira kukhoti. Imayenera kudikira masiku 20 a ntchito, komanso kumutumizira kalata ya gawo 129 la lamuloli, yomudziwitsa kuti akhoza kukaonana ndi mlangizi wa za ngongole. Pakapita masiku 10 a ntchito osayankha kalatayo, mlandu ukhoza kuyamba.

Choopsa kwambiri ndi kulandira chisamani n'kuchibisa pansi pa matiresi chifukwa cha mantha. Wangongole amapatsidwa masiku 10 oti auze khoti kuti adzayankha mlanduwo. Akangokhala chete, chigamulo chimaperekedwa iye kulibe, ndipo pambuyo pake khoti likhoza kulamula kuti ndalama zizidulidwa kumalipiro ake mwezi ndi mwezi.

Otolera ngongole ena amaopseza pafoni kuti munthu amangidwa. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidathetsa zotsekera anthu m'ndende kaamba ka ngongole zotere mu 1995. Ngongole ikatha zaka 3 popanda chisamani, mwini wake osalipirako kapena kuivomera, imafa, ndipo lamulo limaletsa kuitolera.