Mkono wa Strasburg ndi madola 245 miliyoni

Okonda masewero a baseball ku America akayamba kukangana za kontirakiti yoipitsitsa imene timu inasainapo, dzina la Stephen Strasburg silichedwa kutchulidwa. Mu Disembala 2019 timu ya Washington Nationals inamupatsa kontirakiti ya zaka 7 ya madola 245 miliyoni. Kuchokera tsiku limenelo mpaka pamene anapuma mu Epulo 2024, mkuluyu anaoneka pabwalo kasanu ndi katatu basi. Masewero amodzi a baseball amakhala ndi zigawo 9, ndipo iye anaponya zigawo 31 ndi kachidutswa, kutanthauza kuti ntchito yake yonse sinakwane masewero anayi athunthu. Mukachita masamu, chigawo chilichonse chinadya madola pafupifupi 8 miliyoni. Ndalamazo ndi zake zonse, palibe chobweza.

Ambiri amati uku kunali kuba masanasana. Ine ndikukana. Ndalama zimenezi zinagula mkono wa munthu, ndipo eni timu ankadziwa bwino kuti katundu wotere sachedwa kutha.

Kwa amene sanaonerepo masewerowa, woponya mpira ndiye mwini filimu. Amaima pakachulu pakati pa bwalo, mtunda wa mamita 18 ndi theka kuchokera pamene paima womenya ndi chibonga chake, n'kuponya kampira kolimba kokwana m'dzanja. Akatswiri monga Strasburg amaponya paliwiro lofika makilomita 160 pa ola. Woponya woyambitsa masewero amachita zimenezi ka 100 kapena kuyandikira apo pa tsiku limodzi, n'kupuma masiku anayi, n'kubwereranso, m'chaka chimene timu imasewera masewero 162. Mphamvu yonse ya miyendo ndi chiuno imakathera pa kamtsempha kakang'ono ka m'kati mwa chigongono. Kamtsempha kameneka sikanalengedwere ntchito yotere, choncho kamaduka.

Strasburg anabadwira ku San Diego mu 1988 ndipo anatchuka ali pa yunivesite ya San Diego State. Mu 2009 Nationals inamusankha kukhala woyamba mwa achinyamata onse olowa ligi chaka chimenecho, n'kumupatsa madola 15.1 miliyoni, ndalama imene mnyamata wongoyamba kumene anali asanalandirepo. Pa 8 Juni 2010, tsiku lake loyamba mu ligi yaikulu, anatulutsa omenya 14 a Pittsburgh Pirates osaukhudza bwino mpira. Pofika mu Ogasiti chaka chomwecho kamtsempha kaja kanali kataduka. Anamuchita opaleshoni yotchedwa Tommy John, dzina la woponya amene dokotala Frank Jobe anayamba kumuchita opaleshoniyi mu 1974. Madokotala amatenga mtsempha pamalo ena m'thupi, kuboola mafupa a chigongono, n'kuulowetsa m'mabowomo kuti ugwire ntchito ya woduka uja. Munthu amatha chaka kapena kuposerapo asanabwerere pabwalo.

Mu Seputembala 2012 akuluakulu a timuyi anamuletsa kusewera pofuna kuteteza mkonowo, ngakhale kuti timu inali patsogolo ndipo masewero olimbirana chikho anali pafupi. Ochemerera anakwiya koopsa, makamaka timu itagonja kwa St. Louis Cardinals iye ali pabenchi. Nkhani imeneyi ikutiuza chinthu chimodzi: zaka 7 asanasaine kontirakiti yaikulu ija, eni timu anali akuuopa kale mkono umenewu.

Chimene anawalipira nacho chinabwera mu 2019. M'masewero a kumapeto olimbirana chikho Strasburg anapambana kasanu osagonjako. Pa masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, mpikisano womaliza wa chikho, ku Houston, Nationals ikanangogonja zonse zikanathera pomwepo. M'chigawo choyamba omenya a Houston Astros ankaoneka kuti akudziwiratu mtundu wa mpira umene ukubwera, chifukwa kagwiridwe kake ka mpira m'kati mwa gulovu kankamuulula. Mphunzitsi wake Paul Menhart anamuuza kuti azigwedeza gulovuyo asanaponye mpira uliwonse. Anamvera, ndipo Astros sinagoletsenso ali pakachulu mpaka m'chigawo chachisanu ndi chinayi. Tsiku lotsatira Nationals inatenga chikho chake choyamba, mzinda wa Washington unasangalalira chikho cha World Series koyamba kuchokera mu 1924, ndipo Strasburg anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa World Series imeneyo. Patangopita milungu yochepa ndi pamene anasaina kontirakiti ija.

Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Mu 2020 dzanja linayamba kuchita dzanzi ndipo anamuchita opaleshoni. Mu 2021 madokotala anamuchotsa nthiti imodzi ndi minofu ya m'khosi pofuna kumasula mitsempha imene inkapanikizika pakati pa khosi ndi phewa. Anayesa kubwerera pa 9 Juni 2022 pokumana ndi Miami Marlins, ndipo limenelo linali tsiku lake lomaliza. Anali asanakwanitse zaka 34.

Funso ndi lakuti, mkono ukafa chonchi, aluze ndani? Kale yankho linali losavuta: wosewera. Sandy Koufax wa Los Angeles Dodgers anali woponya woopsa kuposa onse m'nthawi yake. Ankasewera ndi chigongono chotupa, kubayidwa majakisoni, n'kuviika mkono m'madzi oundana masewero akatha. Mu 1966 anachita kunyanyala limodzi ndi mnzake Don Drysdale kuti malipiro ake afike madola 125,000. Chaka chomwecho anapambana masewero 27, kenako n'kupuma ali ndi zaka 30 poopa kupuwala mkono. Kupita kutimu ina yolipira bwino sikukanatheka, chifukwa lamulo la nthawi imeneyo linkamangirira wosewera kutimu yake mpaka timuyo itamugulitsa kapena kumutaya.

Lamuloli silinachoke chifukwa cha chifundo cha eni matimu. Bungwe loimira osewera, pansi pa utsogoleri wa Marvin Miller kuyambira mu 1966, linalimbana nalo zaka zambiri. Wosewera wina, Curt Flood, anakana kugulitsidwa mu 1969, anapita kukhoti ndipo anagonja. Mu 1975 oponya awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, anapambana mlandu umene unapatsa osewera ufulu wosankha kokagwira ntchito. Makontirakiti olipira ndalama zonse ngakhale munthu avulale ndi zipatso za nkhondo imeneyo.

Ngakhale lero ufuluwo subwera msanga. Wosewera amayenera kutha zaka 6 mu ligi yaikulu asanaloledwe kudzigulitsa kwa wolipira bwino. Zaka zitatu zoyambirira ambiri amalandira malipiro otsikitsitsa, amene mu 2024 anali madola 740,000 pa chaka. Ndi ndalama yambiri, inde, koma ndi nyenyeswa poyerekeza ndi zimene mnyamata wotchuka amalowetsa kutimu. Ndipo zaka zimenezi ndi zomwe mkono umakhala wamphamvu. Oponya ambiri amavulala asanafike n'komwe pa tsiku lodzigulitsa, n'kubwerera kwawo ndi chipsera pachigongono, popanda wowawerengera zimene anataya. Masamu aja a madola 8 miliyoni pa chigawo amangochitidwa tsoka likagwera mwini timu.

N'chifukwa chake sindimudzudzula Strasburg, kapena womuimira wake Scott Boras, posaina pepala lotsimikiza khobidi lililonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Banja la Lerner, eni ake a Nationals, silinakakamizidwe ndi aliyense. Linali ndi madokotala, linali ndi mbiri yonse ya mkonowo, ndipo linasankha lokha kutchova juga. Timu ili ndi chikho cha 2019 m'kabati, pamene iye ali ndi nthiti yosowa ndi mitsempha yowonongeka.

Tsono mukamva kuti wosewera wina akulandira ndalama ali gone kunyumba, musathamangire kumutcha mbava. Yambani mwafunsa chimene anasiya pabwalo, ndiponso amene anadyerera mphamvu zake zisanathe. Pa nkhani ya Strasburg, Nationals inavomera kulipira ngongole yake, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira.