Mmene Dziko la Egypt Linagonjetsera Nthenda ya Chiwindi

M'mwezi wa October 1923 panalibe munthu amene akadadziwa dzina la nthenda iyi. Koma m'mwezi wa October 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti dziko la Egypt, limene owerenga athu amalidziwa m'Baibulo ndi dzina lakuti Aigupto, ndilo loyamba kufika pa muyeso wapamwamba pa ntchito yothetsa nthenda ya chiwindi yotchedwa Hepatitis C. Nkhani iyi ndi yodabwitsa, pakuti zaka 15 m'mbuyomo dziko lomwelo ndilo linali ndi nthendayi koposa maiko onse.

Chiyambi chake chinali likodzo, nthenda imene anthu athu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Chigwa cha Shire amaidziwa bwino. Alimi a ku Egypt amalima mothirira ndi madzi a mtsinje wa Nile, ndipo m'ngalande zao muli nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Kuyambira zaka za m'ma 1950 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, Boma la kumeneko linatumiza antchito a chipatala m'midzi kukabaya anthu mankhwala otchedwa tartar emetic. Munthu mmodzi ankabayidwa pamtsempha kangapo konse, ndipo anthu ankaima pamzere wautali; majakisoni anali agalasi, ogwiritsidwa ntchito mobwereza, ndipo nthawi yowawiritsa mokwanira inalibe. Chotero magazi a wodwala mmodzi ankalowa m'thupi la amene anali pambuyo pake.

Sitingawadzudzule kwambiri antchito aja. Cholinga chao chinali chabwino, ndipo kachilombo ka Hepatitis C kanadziwika mu 1989, ntchito yobaya ija itatha kale ndipo mapiritsi a praziquantel atalowa m'malo mwake. Kuopsa kwa kachilomboka n'kwakuti kamakhala chete. Munthu amalima, amakwatira, amabala ana, osamva kupweteka kulikonse kwa zaka 20 kapena 30, pamene chiwindi chake chikuuma pang'onopang'ono. Pomadzaoneka chikasu m'maso ndi kutupa kwa mimba, nthenda imakhala itafika patali, ndipo ena imawasandukira khansa. Kafukufuku wa 2008 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 59, pafupifupi 15 anali atagwidwapo ndi kachilomboka.

Tsono chimene chinasintha zinthu ndicho mtengo wa mankhwala. Mankhwala atsopano a sofosbuvir, amene pamodzi ndi anzake amachiza nthendayi m'masabata 12, ankagulitsidwa madola 84,000 ku America. Mu 2014 Boma la Egypt linagwirizana ndi kampani ya Gilead kuti lizigula pa madola 900, ndipo pambuyo pake mafakitale a m'dzikomo anayamba kupanga okha, mtengo n'kutsikiratu. Mu October 2018 Pulezidenti Abdel Fattah el-Sisi anatsegula ntchito yoyeza magazi mwaulere m'dziko lonse, ndipo m'miyezi 7 anthu pafupifupi 50 miliyoni anali atayezedwa. Opezeka ndi kachilombo ankalandira mankhwala osalipira kanthu. Ife tikuona kuti mankhwala otsika mtengo pa okha sakadakwanira, Boma likadapanda kupita kukawafuna odwala amene sankadziwa kuti akudwala.

Kwathu kuno mtundu wofala ndi wina, Hepatitis B, umene umayendanso m'magazi, komanso pogonana ndi pobadwa kuchokera kwa mayi. Uwu mankhwala ake amangoufooketsa, sauchotseratu. Koma uli ndi katemera, chimene Hepatitis C alibe. Boma lathu linaika katemerayu pa ndondomeko ya ana a kusikelo mu 2002, ndipo zipatso zake zaoneka: kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kachilomboka mwa akulu 5 pa 100 alionse, koma mwa ana obadwa katemera atayamba anali 3 okha pa 1,000. Magazi operekedwa m'zipatala nawonso amayezedwa ndi a Malawi Blood Transfusion Service.

Otsala pangozi ndiwo obadwa chaka cha 2002 chisanafike, pakuti ambiri a iwo sanalandire katemerayu. Amenewa ndiwo ayenera kupita kukayezetsa, ndi kukana jakisoni wa munthu wongoyenda ndi chikwama m'mudzi, ngakhalenso lezala limodzi lotemera mphini banja lonse.