Mawaya a magetsi akaphunzira kulankhula

Transifoma ikapsa kumudzi, kawirikawiri kampani ya magetsi imamva nkhaniyo kuchokera kwa mwini chigayo amene waimba foni. Amisiri asanafike pamadutsa masiku, ndipo m'masiku amenewo mbewu za m'dimba lothirira ndi pampu zimafota, mkaka wa alimi umasasa m'malo osungira. Gwero la vutoli ndi lakuti mawaya ambiri amangonyamula mphamvu basi, satumiza uthenga wa pamene pavuta.

Akatswiri a zamagetsi akhala akufufuza njira imene pa Chingerezi amaitcha smart grid. Pa njira imeneyi, pa matransifoma, pa mawaya ndi pa mamita amaikapo tizipangizo toyeza kutentha ndi kuchuluka kwa mphamvu, ndipo timatumiza zimene tapeza ku makompyuta a kampani. Mmodzi mwa akatswiri a m'chigawo chino amene ntchito yawo yamveka kutali pa nkhaniyi ndi Pulofesa Gerhard P. Hancke, amene anatsogolera kwa zaka zambiri kafukufuku wa tizipangizo totere pa sukulu ya ukachenjede ya Pretoria ku South Africa.

M'chaka cha 2010, a Hancke pamodzi ndi anzawo awiri, a Vehbi Cagri Gungor ndi a Bin Lu, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya akatswiri ya IEEE Transactions on Industrial Electronics. Funso lawo linali lakuti: kodi tizipangizo totsika mtengo, totumiza uthenga popanda waya, tingagwire ntchito pakati pa makina a magetsi? Yankho sanalifune m'chipinda choyesera zinthu. Tizipangizoto tinayesedwa pa malo enieni a magetsi ku United States: pa siteshoni ya 500 kV, m'chipinda chowongolera magetsi, ndi m'chipinda cha pansi pa nthaka mmene mumakhala matransifoma. Anayeza mmene uthenga wa pa 2.4 GHz umafookera ukakumana ndi zitsulo, makoma ndi phokoso la makina. Zotsatira zinaonetsa kuti malo aliwonse ali ndi khalidwe lake, ndipo wopanga njira yotumizira uthenga ayenera kuyeza malowo asanaikepo zipangizo.

Chaka chotsatira, mu 2011, a Hancke ndi a Gungor, limodzi ndi akatswiri ena asanu a ku Turkey ndi ku Italy, analemba nkhani ina yofanizira njira zimene uthenga wa magetsi ungadutse: pa netiweki ya mafoni a m'manja, pa ZigBee, pa nthambo za telefoni, kapena m'mawaya a magetsi omwewo. Anasonyeza ubwino ndi zofooka za njira iliyonse. Kwa ophunzira, kulemera kwa kafukufuku kumaoneka pa kuchuluka kwa ofufuza ena amene amamutchula m'zolemba zawo, ndipo nkhani ya 2011 yatchulidwa nthawi zoposa 2,000.

Mlimi sayeza motero. Kwa iye kafukufuku wapindula ngati pampu ikuyenda pa nthawi yothirira. Chigawo chino chikudziwa bwino kusowa kwa magetsi. Ku South Africa kampani ya Eskom inayamba kuthimitsa magetsi mosinthanitsa madera mu 2007. Ku Malawi namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ku Zambia chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba mpaka nyumba ndi mabizinesi zinkakhala mumdima maola ambiri patsiku. Tizipangizo toyeza sitingadzaze damu, koma mphamvu ikachepa timathandiza kudziwa kumene ikutayika, transifoma imene yalemedwa, ndi malo amene waya waduka.

Ambiri amadziwa kale mita yolipiriratu ya manambala 20, njira imene inayambira ku South Africa. Mita yotero imalandira uthenga kuchokera kwa wogula, koma siyankha ku kampani. Mamita atsopano, makamaka a magetsi a dzuwa a m'midzi, amatumiza uthenga okha, ndipo amadalira netiweki kuti alembe malipiro ndi kuyatsa kapena kuthimitsa nyumba.

Apa ndipo phunziro la 2010 likukhudza makomiti a mthirira, mabungwe a alimi ndi alangizi. Wogulitsa akabwera ndi pampu kapena mita yoti imayendetsedwa pa foni, komiti iyenera kufunsa kuti chipangizocho chinayesedwa kuti, pa mtunda wotani, komanso chimatani netiweki ikasowa. Ndi bwino kupempha kuti chiyesedwe pamalo pomwepo, m'chigwa kapena kuseri kwa phiri, nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe, ndalama zonse zisanaperekedwe. Safunsa anadya phula, ndipo ngongole ya chipangizo chosamva netiweki imabwezedwa ndi mbewu za gulu lonse.