Nyimbo zotsalira za AC/DC ndi makaseti amene tawaiwala m'magalaja

Aliyense wokulira ku Perth anadutsapo pa chiboliboli cha Bon Scott ku Fremantle Fishing Boat Harbour, mwina atanyamula fish and chips. Chinaikidwa mu 2008. Manda ake ali ku Fremantle Cemetery, ndipo mpaka lero anthu amachoka kutali kudzasiyapo maluwa ndi zitini za mowa. Pa 1 Malichi 2020 msewu wa Canning Highway unatsekedwa, magulu oyimba anakwera pa malole n'kumayimba nyimbo za AC/DC, pokumbukira zaka 40 chimwalirire munthuyu. Ife makolo anu tinaonera tikupukusa mitu: phokoso lonseli chifukwa cha woyimba mmodzi? Koma pali chinthu chimene anthu amenewa amachita bwino kuposa ife, ndipo tikufuna tikambirane nanu.

Mu Novembala 2009 gulu la AC/DC linatulutsa bokosi la nyimbo lotchedwa Backtracks. M'bokosimo nyimbo zotchuka zimene mumamva ku masewero a footy zinali zochepa. Zambiri zinali zotsalira: za kuseri kwa timbale ting'onoting'ono, zojambulidwa pa makonsati, ndi zina zimene zinatuluka ku Australia kokha. Ma alubamu oyamba a gululi, High Voltage ndi T.N.T., onse a 1975, anatuluka kuno. Pofuna kugulitsa kunja mu 1976, kampani inasankhamo nyimbo zina n'kusiya zina, choncho okonda gululi ku America ndi ku Ulaya anakhala zaka zambiri akusakasaka nyimbo ngati "Stick Around" ndi "Love Song". Bokosi lodula kwambiri linapangidwa ngati ampulifaya ya gitala, ndipo inkaliradi. Lisanatuluke limeneli kunali Bonfire mu 1997, lokumbukira Bon yemwe, momwe muli nyimbo zina zisanamalizidwe bwino.

Ena amati izi ndi njira ya makampani yokama ndalama kwa anthu okalamba amene akusowa unyamata wawo. Sitikana, malonda alipo. Nyimbo zina zinasiyidwa chifukwa zinali zofooka basi. "Love Song" ikakulirani simungakhulupirire kuti ndi AC/DC. Komatu n'chifukwa chake okonda gululi amaifuna. Nyimbo yotchuka imakuonetsa woyimba atavala za pa Sande, pamene yotsalira imamupeza ali kuseri kwa nyumba, akuyesa ichi ndi icho, asanadziwe kuti adzakhala ndani.

Mwa zotsalirazo muli kanyimbo kotchedwa "Fling Thing", kochokera ku nyimbo yakale ya ku Scotland. Apa mpamene nkhaniyi ikukukhudzani. Bon Scott anabadwira ku Scotland mu 1946, banja lake linasamukira ku Australia mu 1952, n'kufika ku Fremantle mu 1956. Ali mnyamata ankayimba ng'oma m'gulu la zitoliro za Chisikoti. Angus ndi Malcolm Young anachoka ku Glasgow mu 1963. Gulu limene Australia amanyadira kuti ndi lake linayambitsidwa ndi ana a obwera, ngati inu, ndipo kwawo kwa makolo awo kukumveka bwino m'kanyimbo kamene kanatsala pang'ono kuiwalika.

Nanga zotsalira zathu zili kuti? Ambiri mwa ife tinabwera ndi makaseti m'masutikesi: Alleluya Band ya ku Balaka, Paul Banda, Lucius Banda, Allan Namoko, Robert Fumulani, Kuimba 1 ya Evison Matafale. Ena tinajambula tokha pa wailesi ya MBC chala chili pa batani, kudikira kuti muulutsi asiye kulankhula. Ena tili ndi kaseti ya kwaya ya kumudzi, ya ukwati wathu, kapena ya agogo anu akupereka moni ndi malangizo kwa mwana wopita kunja. Makaseti amenewa ali m'makatoni m'galaja, momwe mu Januwale mumatentha ngati uvuni. Tepi imatha mphamvu ndi kutentha, imamatirira, imaduka. Ndipo zambiri mwa nyimbozi simudzazipeza pa Spotify, chifukwa palibe kampani imene inazisunga m'chipinda chozizira monga anasungira za AC/DC.

Musaganize kuti nyimbo zakwathu zilibe ozifuna. Onani za ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kunali Zamrock, magitala aukali a magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe. Mtengo wa kopa utagwa chuma chinasokonekera, Edzi inatenga oyimba ambiri, ndipo nyimbozo zinazimiririka. Jagari Chanda wa WITCH anakathera kokumba miyala ya mtengo wapatali. Kenako kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo za WITCH m'bokosi mu 2012, ndipo Jagari anabwereranso pa siteji. Sampa the Great, amene anabadwira ku Zambia n'kutchukira kuno ku Australia, analemekeza Zamrock mu "Never Forget" mu 2022. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuika mu "Noid". Anzanu akusukulu anamva Chinyanja m'makutu mwawo osadziwa, mwina inunso.

Timasangalala nazo, koma pali chotiwawa. Amene anasonkhanitsa ndi kugulitsa anali akunja. Si zachilendo: Hugh Tracey anajambula nyimbo ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, ndipo matepi ake ali ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria ndiye anathandiza kuti dziko limve za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Tiwathokoze anthuwa, chifukwa popanda iwo bwenzi zambiri zitatayika. Koma kodi tizingodikira mlendo nthawi zonse kuti adzatiuze kuti za m'nyumba mwathu ndi chuma?

Pempho lathu n'losavuta, ndipo inu mukhoza kuchita bwino kuposa ife. Pezani chosewerera makaseti, m'ma op shop zimapezeka. Chilumikizeni ku kompyuta, jambulani ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, sungani ngati WAV chifukwa MP3 imataya zina mwa mawu. Jambulani chithunzi cha chikuto ndi zolembedwa pamanja. Sungani malo awiri kapena atatu, osadalira foni yokha. Chofunika koposa: khalani pansi ndi amayi kapena bambo kasetiyo ikulira, muwafunse. Akuyimbayu ndani? Munaigula kuti? Mawu awa akutanthauza chiyani? Safunsa anadya phula. Lembani mayankhowo pamodzi ndi fayiloyo, popeza nyimbo yopanda dzina ndi chaka imasanduka phokoso chabe kwa zidzukulu.

Chenjezo limodzi. Kusunga si kuba. Oyimba a ku Malawi anavutika kokwanira ndi okopera makaseti ndi ma CD, ndipo ambiri anamwalira osauka. Musaike alubamu ya munthu pa YouTube ngati yanu. Ngati mwapeza chinthu chosowa, fufuzani woyimbayo kapena banja lake, kapena funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za aluso ku Malawi. Mwina kaseti ya m'galaja mwanu ndi yokhayo yotsala, ndipo ana a woyimbayo sanaimvepo.

Ifenso tivomere kulakwa kwathu. Tinakuuzani kuti nyimbo zanu ndi phokoso, ndipo zathu tinazitsekera m'katoni osakufotokozerani. Tikudandaula kuti Chichewa chanu chikuchepa, chikhalirecho aphunzitsi abwino achigonera m'galaja zaka 20. Lucius Banda anatisiya mu 2024. Oyimba a nthawi yathu akutha, ndipo ife okumbukira nkhani za nyimbozo tikukalamba. Loweruka likubwerali tsegulani katoni ija. Mukapeza kaseti yopanda chikuto, musaitaye musanaimvere, mwina muli mawu a agogo anu.