Mawu a Mkonzi: Wodwala khunyu asapserenso pamoto

M'midzi mwathu muno simusowa mwana wa zipsera za moto m'manja kapena kumaso. Mukafunsa, makolo amayankha chapansipansi kuti anagwa khunyu pafupi ndi mafuwa. Mwana wotereyu nthawi zambiri sapita kusukulu, amadyera m'mbale yakeyake, ndipo akagwa anthu amamuthawa poopa kuti thovu la kukamwa kwake liwapatsira matenda. Matenda a khunyu sapatsirana, sachokera kwa mfiti, ndipo mankhwala ake alipo.

Abale athu a ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumidzi ya boma la Blantyre ku Malawi, ali ndi zipatala zazing'ono kwawoko, koma matenda akakula amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangochitchula kuti ku Gulupu. Kumeneko ndi kumene madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo a mu ubongo. Kafukufuku wina wa pa chipatala chomwecho, amene anatsogolera Gretchen Birbeck ndipo anatuluka mu 2010, anaonetsa kuti ana opulumuka ku malungo amenewa amayamba kugwa khunyu mochuluka kuposa anzawo. Choncho neti imene mayi wa ku Lirangwe amakungira mwana wake imatetezanso ubongo wa mwanayo, monganso neti ya mayi wa ku Lundazi kuno ku Zambia.

Kwathu kuno tili ndi gwero lina la khunyu. Ofufuza apeza ku Katete ndi ku Petauke kuti njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zafala. Munthu akadya nyama yosapsa bwino, ya timatuza toyera, njokayo imakulira m'matumbo mwake. Akamadzithandiza kutchire, mazira a njokayo amalowa m'madzi ndi m'ndiwo, ndipo amene wawameza tizilomboto timatha kukakhazikika mu ubongo wake n'kuyambitsa khunyu. Chimbudzi, khola la nkhumba ndi kusamba m'manja ndi sopo zimadula ulendo umenewu.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo anthu 7 mwa 10 alionse angasiye kugwa atapimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera, monga phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Chachikulu ndi kumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kale.

Komanso si aliyense wophupha amene ali ndi khunyu. Wodwala shuga amene wabaya insulin koma osadya, shuga wake amatsika kwambiri, amatuluka thukuta, amanjenjemera, mwinanso kukomoka. Dontho limodzi la magazi a pachala limaulula zimenezi m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake tikupempha akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chino kuti kamakina koyezera shuga ndi mankhwala a khunyu zisamasowe pa kiliniki iliyonse. Mlimi wa ku Vubwi kapena ku Chadiza sangakwanitse kulipira galimoto mwezi ndi mwezi kupita ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete.

Inu awerengi athu, munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chitenje kumutu, ndipo mumugoneke cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamupanikize. Akaphupha kupitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Mafumu athu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, mawu anu amamveka kumene nyuzipepala ino sifika. Uzani anthu pa bwalo, pa sukulu ndi pa guwa kuti mwana wa khunyu adye mbale imodzi ndi abale ake, abwerere m'kalasi, ndipo amwe mankhwala ake mawa m'mawa monga wamwera lero.