"Pamenepo tafufuzapo kale": mawu oopsa pansi pa nyanja

Mukamva za kufufuza zinthu pansi pa nyanja, ambiri a inu maganizo amathamangira ku maloboti ndi sitima zodula. Ine ndikuti makina amabwera pambuyo. Chachikulu ndi pulani: mizere italikirana bwanji, ndipo malo amene mwadutsa kale mukuwakhulupirira mpaka pati?

Kumbukirani phunziro la mafunde lija. Kuwala sikupita patali m'madzi. Mukatsika mamita 1,000, ndi mdima wandiweyani. Phokoso ndiye limayenda bwino, pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi. N'chifukwa chake ofufuza amadalira sonar, chipangizo chotumiza phokoso kumanzere ndi kumanja n'kumvetsera likamabwerera. Loboti yonyamula sonar imayenda mzere wowongoka, kukhota, n'kubwerera, ngati munthu wopalira m'munda. Mizere ikatalikirana mumamaliza msanga koma mumasiya mipata. Ikathithikana, mabatire ndi ndalama zimatha dera lisanathe.

Koma vuto lenileni lili poti sonar ikapanda kumva kanthu, sizitanthauza kuti palibe kanthu.

Taonani nkhani ya ndege ya Air France 447. Pa 1 June 2009 inagwera m'nyanja ya Atlantic ikuchokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, ndipo anthu onse 228 anafa. Mabokosi osunga mawu ndi mbiri ya ulendo amakhala ndi tizipangizo tolira m'madzi kwa masiku pafupifupi 30. Ofufuza anamvetsera pafupi ndi pamene ndegeyo inadziwika komaliza, osamva kanthu. Mu 2010 anakafufuza dera lina, kutsatira mawerengedwe a kayendedwe ka madzi. Anabwerako chimanjamanja.

Kenako akatswiri a masamu a kampani ya Metron anafunsa funso losavuta: nanga ngati tizipangizo tija sitinalire n'komwe? Ngati ndi choncho, kumvetsera konse kuja sikunatsimikize chilichonse. Pogwiritsa ntchito masamu a Bayes (inde, probability yomwe mumaidandaula ija), anajambula mapu atsopano osonyeza kuti mwayi waukulu uli pa malo oyamba omwe aja.

Ena anganene kuti kubwerera pamene munadutsa kale n'kuwononga ndalama. Sindikuvomereza, pokhapokha mutatsimikiza kuti njira yoyamba ikanachipezadi chinthucho. Apa panalibe chitsimikizo chotero, ndipo mabanja anali akudikirabe matupi a abale awo.

Mu April 2011, maloboti a REMUS 6000 oyendetsedwa ndi Woods Hole Oceanographic Institution anaipeza ndegeyo atafufuza masiku ochepa chabe, pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,900, makilomita oposa 10 pang'ono kuchokera pamene inadziwika komaliza.