Pakhonde Pathu: Kakamera ka M'thumba ndi Nkhope ya Anganga

Takumananso pakhonde pathu pano, ndipo ulendo uno tabwera ndi nkhani imene inationekera ife eni ake kumudzi, m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, m'dera la mfumu yaikulu Malemia.

Linali tsiku la Idi ndipo mbumba yonse inasonkhana. Mpunga utatha, kamdzukulu kena kobadwira ku Blantyre kanafunsa funso limene linatikhalitsa chete tonse: "Kodi anganga amene mumawatchulatchulawo ankaoneka bwanji?" Achemwali athu analowa m'nyumba natulutsa m'sutikesi chithunzi chimodzi chokha, chofiirira m'mbali, cha nthawi ya filimu. Pachithunzipo malemu anganga aima pakati pa anthu khumi, nkhope yawo yaing'ono ngati njere ya nandolo, popeza wojambulayo anaimira patali kuti onse akwanemo. Apo mwana wa achemwaliwo anayankhula chapansipansi: "Atsibweni, komatu ine ndinawajambula kambirimbiri ndi kakamera kanga kaja." Tinafunsa kuti nanga zithunzizo zili kuti. Mnyamata anangozyolika.

Inu achikulire mukukumbukira momwe chithunzi chinkavutira kuchipeza m'chigwa chino. Wojambula ankabwera panjinga, kamera ili lende m'khosi, tsiku la msika pa Songani kapena tsiku limene aphunzitsi akutsiriza maphunziro pa koleji ya Domasi. Munthu unkasamba, kudzola, kubwereka jekete, n'kupereka theka la ndalama. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambulayo sankapita nayo kutauni kukatsukitsa isanadzaze. Unkadikira sabata ziwiri, mwina mwezi, ndipo nthawi zina ankangobwera ndi mawu akuti "chinapsa". Koma chikapanda kupsa, unkachigwira m'manja. Chinkalowa mu alubamu, kapena pakhoma pafupi ndi kalendala, ndipo n'chifukwa chake chija cha m'sutikesi chidakalipo.

Mnyamata wathuyu anabwera ndi kakamera kake kuchokera ku Joni mu Disembala 2009. Kanali kasiliva, kaphwatalala, kokwana bwinobwino m'thumba la malaya. Masiku amenewo anyamata obwera kuchokera ku Johannesburg ndi ku Cape Town sankalephera kukhala nako, wina Canon, wina Sony, wina Nikon kaya Samsung, pamodzi ndi bulangete lalikulu ndi wailesi. Chimene chinadabwitsa mudzi si kuchepa kwake ayi, koma kagalasi ka kumbuyo. Munthu wangojambulidwa kumene, pompo akudziona! Anganga atadziona anaseka mpaka misozi, nafunsa ngati mano awo anathadi choncho. Analamula kuti awajambulenso atatseka pakamwa ndi kukonza mpango. Kuyambira tsiku limenelo anajambulidwa akupeta mpunga, akusenda chinangwa, akuwotha dzuwa, zinthu zimene wojambula wa panjinga uja sakanataya nazo filimu.

Titabwera ku Idi kuja tinayendera anthu angapo a m'chigwa muno amene anakhalapo ndi timakamera timeneti, kuti timve zawo. Onse anayamba ndi dandaulo limodzi: mabatire. Mphunzitsi wina wopuma anati kake kankadya mabatire awiri a AA, ndipo akaika otchipa aja a pa okala, a mu tochi, kankangotulutsa diso, kuphethira kawiri, n'kuzima diso lili panja. Chifukwa chake n'chakuti fulashi, kagalasi ndi kamota kotulutsa diso zimakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, imene mabatire wamba sangapereke. Anadzapeza mtendere atagula otchaja. Amene timakamera tawo tinali ndi batire lakelake anali pa vuto lina, pakuti m'midzi yambiri munalibe magetsi. Batire linkapita kukatchajitsa pa malo ometera tsitsi, ndipo chaja ikangotayika, ina yofanana nayo sinkapezeka ngakhale m'Zomba.

Mayi wina wolima mpunga kusikimu anatiuza za fumbi. Kake kanafa m'chilimwe, mwana atakagwetsera pamchenga diso lili kunja. Kamchenga kamodzi kokha kakalowa m'timagiya ta diso, diso limakanirira, ndipo kamera imakana kugwira ntchito ngakhale zina zonse zili bwino. Ena awo anaonongeka ndi chinyontho. Tonse tikudziwa nkhungu imene imatsika kuchokera ku mapiri a Zomba ndi Malosa, ndi momwe nsapato zimachitira nguwi m'nyengo ya dzinja. Nguwi yomweyo imamera m'kati mwa diso la kamera yosungidwa m'malo onyowa, ndipo zithunzi zimayamba kutuluka ngati zajambulidwa mu utsi.

Koma chimene chinatikhudza kwambiri ndi nkhani ya kubwerekana. Kumudzi kuno chinthu cha munthu mmodzi n'cha tonse, ndipo n'zabwino ndithu. Kakamera ka mnyamata wathu kanayenda pa nikah, pa chinkhoswe, pa mpira, potsekera madrasa, mpaka ku Liwonde. Tsono khadi losungira zithunzi linali laling'ono. Wobwereka akaona kuti ladzaza, ankafufuta za mnzake kuti apeze malo a zake, osafunsa. Wina podina mabatani a Chingerezi anafufuta zonse nthawi imodzi osadziwa chimene wachita. Ndipo panali chinanso chimene eni ake ambiri sanachiganizire. Kakamera kakapita kwa ena, kankapita ndi zonse zimene zinali m'katimo. Amayi ndi atsikana amene anajambulidwa m'nyumba mwawo, ali omasuka, opanda mpango kumutu, anapezeka akuonereredwa ndi anyamata pa bawo. Mayi wa kusikimu uja anati banja lina linatsala pang'ono kutha chifukwa cha zoterezi. Ife tikuona kuti wolakwa sanali wobwereka yekha. Mwini wake ankayenera kuchotsa khadi lake asanapereke kamera, monga momwe munthu amapisira m'thumba asanabwereketse jekete.

Kunena zoona, chipangizo chimenechi sichinakhalitse pa dziko. Kamera yoyamba yopanda filimu anaipanga mu 1975 ndi injiniya wa kampani ya Kodak ku America, Steven Sasson. Inkalemera makilogalamu 3.6, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa kaseti. Kagalasi kaja kanaseketsa anganga kanafika m'manja mwa anthu wamba mu 1995, pamene Casio ya ku Japan inatulutsa kamera yotchedwa QV-10. Mu 2010, pamene ife kuno tinali kuthamangitsana ndi mabatire, makampani a ku Japan anatumiza m'misika makamera oposa 120 miliyoni m'chaka chimodzi. Pofika 2020 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 10 miliyoni. Kodak yomwe ija inalengeza mu Januwale 2012 kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo Casio inaleka kupanga timakamera ta m'thumba mu 2018. Chinatha malondawa ndi foni, yomweyi muli nayo m'manjayi.

Foni itabwera, timakamera tinaponyedwa m'madilowa ndi m'makatoni, makhadi ali momwemo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Pa anthu onse amene tinacheza nawo, amene anatsukitsako zithunzi ndi mphunzitsi yekha uja, ndipo zinali za satifiketi ndi za chiphaso. Enawo ankati, "Tidzatsukitsa tikadzapeza ndalama." Popeza chithunzi chinkaoneka pa kagalasi, mtima unkakhala pansi ngati kuti chasungika. Filimu inkatikakamiza kutsukitsa, pakuti popanda kutero sunkaona kanthu. Kakamera sikanatikakamize, ndipo ife sitinadzikakamize. Mbadwo umene unajambula kwambiri kuposa makolo ake onse ndi umene uli ndi makoma opanda kanthu.

Khadi si pepala. Limasunga chithunzi ngati timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo likakhala zaka zambiri, makamaka pamalo otentha, timphamvuto tikhoza kuchepa mpaka zithunzi zina kuonongeka. Komanso si makhadi onse amene amalowa paliponse. Ambiri ndi a SD, amene makompyuta ochuluka amawerenga. Koma makamera akale a Sony ankagwiritsa ntchito Memory Stick, ndipo a Olympus ndi Fujifilm ankagwiritsa ntchito lotchedwa xD. Amenewa amafuna kowerengera kake, ndipo tikowerengera timeneti tikusowa chaka ndi chaka. Ngati muli nako kakamera kotere m'nyumba, katulutseni sabata ino. Mukapeza mabatire a AA m'katimo achotseni, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi oyera aja amene amadya zitsulo.

Nanga mnyamata wathu uja? Tinamuumiriza kuti afunefune, ndipo kakamera kanapezeka m'katoni ya mabuku a kusekondale, diso litakanirira theka. Khadi linalimo. Anaulula kuti zaka zapitazo anapita nalo pa malo ena otsukira zithunzi, ndipo atabwerako linangoonetsa kuti mulibe kanthu. Kaya inali vayirasi ya m'kompyuta yawo, kaya dzanja la munthu, iye anakhumudwa n'kuliponya m'katonimo. Kukhumudwa kumeneko ndi kumene kunatipulumutsa. Chithunzi chikafufutidwa sichichoka nthawi yomweyo. Chimene chimachoka ndi dzina lake pa mndandanda, ndipo icho chimakhalabe mpaka chithunzi chatsopano chitadzakhala pamalo pake. Popeza iye sanajambulirenso pa khadilo, zambiri zinali zidakali m'malo mwake. Choncho inunso zikakuchitikirani, musajambulenso ngakhale chimodzi, ndipo kompyuta ikafunsa ngati mukufuna kuti ilikonze khadilo mwatsopano, kanani.

Tinakwera minibasi kupita ku Zomba, kwa mnyamata wina wodziwa makompyuta. Tinamupempha kuti ayambe wakankha kabatani ka m'mbali mwa khadi kamene kamaletsa kulembamo kanthu, kenaka ntchito inayambika. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka itakwana nthawi ya Zuhur. Zina zinatuluka zoduka pakati, theka nkhope theka imvi. Zina zinali za anthu amene sitikuwadziwa n'komwe, a ukwati wa ku Liwonde uja, ndipo zimenezo tinamuuza kuti asasunge m'kompyuta mwake. Koma anganga anatuluka. Tinasankha zisanu ndi chimodzi, n'kutsukitsa zitatuzitatu, kuti zina zikhale kumudzi, zina ku Blantyre, zina zipite ku Joni. Ndalama yake sinapose ya minibasi.

Mnyamata wa makompyuta uja anatifunsa ngati tingamugulitse kakamerako ngakhale kali kakufa. Akuti achinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan ayambanso kufunafuna timakamera takale timeneti, ati zithunzi zake zimaoneka mwachikale mosiyana ndi za foni. Tinaseka, koma mwini wake anakana.

Chithunzi chimene achemwali apachika pabalaza ndi cha anganga ali pamphasa, lichero pamiyendo, akuyang'ana kumbali ngati wina wawaitana. Pakona yake palembedwa ndi manambala achikasu kuti Januwale 1, chaka chimene mnyamatayo anali asanapite n'komwe ku Joni, chifukwa nthawi zonse mabatire akatha wotchi ya kakamera inkabwerera kumene inayambira. Achemwali atenga bolopeni nalemba kuseri kwa chithunzicho dzina la anganga, la mayi awo, la mudzi, ndi mawu akuti chinajambulidwa m'masika a 2010, mpunga utangokololedwa. Kamdzukulu ka ku Blantyre kaja katachiona kanati anganga ali ndi mphuno ya amake.